MASAU NDI MITENGO INZACE YA KUNYANJA

 Lero ndifuna ticeze za mtengo umene ana athu audziwa bwino koposa ife akulu, ndiwo mtengo wa masau.

Mtengo umenewu suvuta kuuzindikira. Kawirikawiri ukhala citsamba ca nthambi zogwera pansi, ngakhale pa nthaka yabwino ukula ndithu. Masamba ace ali osalala pamwamba, koma kunsi kwace ali otuwa. Minga yace ikhala iwiriiwiri, wina woongoka, wina wokhota ngati mbedza. Anthu ophunzira za mitengo aucha Ziziphus mauritiana, ndipo uli pa ubale ndi kankhande.

Kodi masau apezeka kuti? Yankho lace ndi ili: akonda dziko lotsika, lotentha ndi la mvula yocepa. Nyanja yathu iri pa mamita osafika 500 kucokera pa nyanja yamcere, pamene Lilongwe ali pa mamita oposa 1,000. Cifukwa cace masau acuruka kuno ku Salima, ku Mangochi, ndi ku Chikwawa ndi Nsanje. Kunja kwa dziko lino apezeka ku Tete, m'cigwa ca Zambezi ku Zimbabwe, ndi ku India kumene anthu awalima m'minda nawacha ber. Koma mukakwera mapiri kunka ku Dowa, muona kuti masau ayamba kusowa, ndipo m'malo mwace mupeza mombo, tsamba ndi masuku. Tinganene kuti masuku ndi a kumtunda, masau ndi a kucigwa.

Tsono mtengo uli wonse uli ndi anansi ace monga munthu pamudzi. Tiyeni tiyende pamodzi kucokera pa gombe. M'mphepete mwa madzi muli bango, ndipo pa mcenga pali migwalangwa. Tikapitirira pang'ono tifika pa nthaka yacigwa imene mitsinje inatuta kucokera kumapiri. Apa ndipo pa mudzi weniweni wa masau, ndipo anansi ace ndiwo mlambe, nsangu, bwemba, mtondo ndi mvunguti. M'madambo a makande, kumene tilima mpunga, mucuruka mthethe, ndipo masau muwapeza m'mbali kapena pa zulu. Muwapezanso pa mabwinja ndi m'njira za ng'ombe, popeza anthu, mbuzi ndi anyani adya zipatso nataya nthanga pali ponse.

Mlimi wanzeru awerenga mitengo iyi ngati kalata. Pamene pali nsangu pali nthaka yokoma, pakuti nsangu iyoyola masamba nthawi ya dzinja, osaphimba cimanga. Koma pamene mitengo yaikuru yatha, patsala zitsamba za minga zokhazokha ndi nthaka yagwa, dziwani kuti nkhwangwa, moto ndi ziweto zapyola muyeso pamenepo.

Nanga masau atithandiza bwanji? Mizu yace ilowa pansi patali, motero mtengo ubala ngakhale caka ca cilala. Zipatso zipsa nyengo ya cisanu, kuyambira ca mu Juni mpaka Ogasiti, ndipo ziri ndi vitamini C wambiri. Zikaumitsidwa padzuwa zisungika miyezi ingapo, ndipo amai azigulitsa pamsika napeza za mcere ndi sopo. Masamba ace adyetsa mbuzi m'cilimwe udzu utauma, ndipo nthambi zace za minga zicinga madimba. Kumbukirani caka ca 2024, pamene boma linalengeza tsoka la cilala m'maboma 23 mwa maboma 28. Pa caka cotere mtengo wobala wopanda mvula yambiri suli wakuupeputsa iai.

Koma nkhuni zoocera makala ndi zowambira nsomba zirikutha mitengo m'mbali mwa nyanja. Cifukwa cace ndikupemphani zinthu zinai. Coyamba, posweula munda siyani mitengo ya masau m'malire. Caciwiri, mukafuna minga yocingira, dulani nthambi zokha, ndipo ngati mtengo wadulidwa kale musaoce citsa, pakuti ciphukanso. Cacitatu, lambulani udzu kuzinga mitengo yaing'ono moto usanafike. Cacinai, sankhani nthanga za mtengo wa zipatso zotsekemera, muziswe pang'ono, ndi kuzibzala mvula itayamba.

Inu a ku Mbenji simusowa mphunzitsi pa nkhani iyi. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kwa Makanjira akhala akutseka cisumbu nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, ndipo utaka wa ku Mbenji wamveka m'dziko lonse. Nzeru imene mwasunga nayo nsomba ndi yomweyo ifunika kuthengo. Mukafuna thandizo, kaonaneni ndi mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango wa kwanu.