MASEWERA A M'MAKOLEJI NDI M'MENE ANAKULIRA

Madzulo ali onse sukulu ikaweruka, ana a ku Lufita m'boma la Chitipa amathamangira ku bwalo. Anyamata amakankha mpira wachikulunga, atsikana namaponyerana mpira wa manja. Makolo ena akaona zimenezi amadandaula, amati mwana akutaya nthawi, kukadakhala bwino akadapita kukatunga madzi kapena kukaweta ng'ombe. Komatu masewera amenewa ali ndi njira yaitali, yochokera pa bwalo la m'mudzi kukafika ku mipikisano ya maiko, ndipo njirayo imadzera m'kalasi.

Chiyambi Chake

Pamene dziko la Malawi linalandira ufulu m'chaka cha 1964, maphunziro a yunivesite anali asanayambe m'dziko muno. Mnyamata wa ku Fort Hill, monga m'mene ankatchulira Chitipa masiku a atsamunda, akafuna maphunziro apamwamba ankayenera kupita kunja, monga ku Makerere m'dziko la Uganda. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu September 1965 pa Chichiri mu Blantyre, ndipo ophunzira ake anali 90 okha. Pofika 1967 makoleji ake anali asanu: Chancellor, Bunda, Polytechnic, Soche Hill ndi sukulu ya pa Mpemba.

Tsono koleji imodzi singathe kuchita mpikisano payokha. Anyamata akamasewera okhaokha tsiku ndi tsiku, sangadziwe ngati ali akatswiri kapena iai, pakuti katswiri amadziwika akakumana ndi mlendo. Chifukwa chake kuchuluka kwa makoleji ndiko kunakulitsa masewera. Yunivesite ya Mzuzu inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, ndipo ya Livingstonia inatsegulidwa mu 2003, kotero kuti chigawo cha kumpoto nacho chinapeza malo pa mpikisano. Mu 2014 yunivesite ya MUST inatsegulidwa ku Thyolo, ndipo mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa, nizituluka zitatu zoima pazokha. Kuwonjezera pamenepo pali makoleji a zaumisiri ndi a zauphunzitsi, monga ya ku Karonga.

Ntchito ya Bungwe

Akulu akale anati mutu umodzi susenza denga. Matimu akachuluka pafunika wina wowasonkhanitsa, woika masiku a mpikisano ndi wosunga malamulo, kuti mlandu ukabuka pa bwalo pakhale kokadandaula. Muno m'Malawi bungwe loyang'anira masewera a ophunzira a m'makoleji limatchedwa TESSAM. Makoleji akapikisana, bungweli limaona amene achita bwino, nilisankhapo timu yoimira dziko lonse.

Pamwamba pa TESSAM pali mabungwe ena atatu, okhala ngati makwerero. Loyamba ndi CUCSA, limene limasonkhanitsa maiko a kum'mwera kwa Africa, monga Malawi, Zambia, Zimbabwe, Botswana ndi South Africa. Lachiwiri ndi FASU, la Africa yense, limene linakhazikitsidwa mu 1971. Lachitatu ndi FISU, la dziko lonse lapansi, limene linayamba mu 1949, ndipo mpikisano wake waukulu, umene unkatchedwa Universiade, unachitika koyamba mu 1959 mu mzinda wa Turin ku Italy.

Masewera ake ndi a mitundumitundu: mpira wa miyendo, ntchemberembaye, basketball, volleyball, liwiro ndi chess. Motero mwana amene sadziwa kukankha mpira asataye mtima, pakuti mwina mphatso yake ili m'miyendo yothamanga kapena m'mutu woganiza.

Zimene Zapindulidwa

Kukula kumeneku kunaoneka poyera m'chaka cha 2022, pamene mzinda wa Lilongwe unalandira masewera a CUCSA. Dziko limene mu 1965 linali ndi ophunzira a yunivesite 90 okha linatha kuchereza ophunzira a maiko oyandikana nalo ndi kupikisana nawo pa mabwalo ake. Ndiponso timu ya Yunivesite ya Mzuzu, yotchedwa Mzuni, inasewerapo mu Super League, nikumana ndi matimu akuluakulu monga Bullets ndi Wanderers.

Phindu lina silioneka ndi maso, koma ndi lalikulu. M'boma la Chitipa mokha mumayankhulidwa ziyankhulo zambiri, monga Chilambya, Chindali, Chisukwa ndi Chinyiha. Mwana wochokera kumeneko akavala yunifolomu imodzi ndi mnzake wa ku Nsanje kapena wa ku Mangochi, amaphunzira kuti onse ali a dziko limodzi, ndipo chibwenzi chotere chimakhala mpaka ukalamba.

Zovuta nazo zilipo. Ulendo umadya ndalama, ndipo zovala, nsapato ndi mipira sizipezeka mwaulere. Kuchokera ku Chitipa kufika ku Karonga kokha ndi makilomita pafupifupi 100, ndiye kaLilongwe kali kutali ndithu. Koma popeza msewu umenewu tsopano ndi wa phula, ulendo wapepukako kusiyana ndi kale.

Mau kwa Makolo ndi Aphunzitsi

Pa malamulo onse a mabungwe amenewa pali limodzi loyenera kulikumbukira: mipikisanoyi ndi ya ophunzira. Munthu angakhale aliwiro ngati gwape, sangalowemo ngati sanafike ku koleji. Khomo lake ndi mayeso a Standard 8, kenaka a Form 4. Mwana wothawa sukulu chifukwa cha mpira wadzitsekera yekha khomo limeneli, ndipo kholo loletsa mwana kusewera lamulanda chinthu chimene chikadamukondetsa sukulu.

Choncho aphunzitsi ayenera kulambula mabwalo, kuimika mapolo ndi kukonza mipikisano ndi sukulu zoyandikana, osaiwala atsikana. Makolo nawo ampatse mwana nthawi ya ntchito za pakhomo, nthawi ya mabuku ndi nthawi ya mpira, chilichonse pa nthawi yake. M'mera mpoyamba. Amene adzavale yunifolomu ya Malawi pa masewera a ophunzira zaka zikudzazi ali m'sukulu za pulaimale lero lino, ndipo palibe choletsa kuti mmodzi wa iwo adzakhale wa ku Lufita.