Chidule cha Khutba ya Jumu'ah: Zaka Ziwiri Zoyamba za Mwana

Qur'an yolemekezeka mu Surat Al-Baqarah ndime 233 yaika nyengo yoyamwitsa kukhala zaka ziwiri zathunthu. M'ndime yomweyo Allah (S.W.T) wasenzetsa bambo udindo wopezera mayi woyamwitsayo chakudya ndi zovala. Abambo ambirife timaloweza gawo la mayi, lathu n'kuliiwala.

Miyezi 6 yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Madzi kapena phala lamadzimadzi limene agogo amakonda kumwetsa khanda likamalira limatsegulira khomo matenda otsekula m'mimba. Akakwana miyezi 6, nthawi imene ana ambiri amayamba kukhala pansi, ayambe phala lotsira nsinjiro kapena usipa wosinja, uku akuyamwabe. N'zomvetsa chisoni, bambo, kuti usipa wonse umakwera galimoto kupita ku Limbe, mwana wa msodzi n'kutsala ndi phala la mchere wokha.

Kukwawa kumadza cha pa miyezi 9, kuyenda chaka chikamakwana. Ana amasiyana, choncho musamuyerekeze ndi wa mnzanu. Koma akafika miyezi 18 asanayende, kapena ngati satembenuka mukamuitana dzina, pitani naye kuchipatala. Dua ndi chipatala sizitsutsana.

Akayamba kuyenda, ngozi yathu ife a kunyanja ndi madzi. Mayi akamachapa pagombe, bambo asiye kaye kusoka ukonde, amunyamule mwanayo. Zimenezi sizichepetsa ulemu wa mwamuna. Mtumiki (S.A.W) anaswalipo atanyamula mdzukulu wake Umamah: popita pa sijida ankamuika pansi, poimirira n'kumunyamulanso.