Bala Losaoneka: Ntchito ya Mayi Dorothy Gronwall

Ng'ombe ikam'gunda munthu n'kumuthyola mkono, palibe amene amakayika. Timathamanga naye ku chipatala, ndipo ntchito yake ya kumunda timagawana. Koma munthu yemweyo akagwa pangolo n'kumenyetsa mutu pansi, nakomoka pang'ono kenaka n'kudzuka, timangomupatsa madzi n'kunena kuti wapulumuka. M'mawa mwake timayembekeza kumuona ndi khasu. Pakapita masabata awiri iye akudandaulabe mutu, akuiwala zimene tamuuza, akupsa mtima ndi phokoso la ana, timayamba kunong'onezana kuti ulesi wamulowa.

Maganizo otere anali nawonso madokotala ambiri a kunja. M'chaka cha 1961 dokotala wina wotchuka wa ku England, Henry Miller, analemba kuti ambiri mwa anthu odandaula nthawi yaitali atavulala pang'ono m'mutu amatero chifukwa choyembekezera ndalama za chipukutamisozi. Mawu ake anamveka kutali, ndipo odwala ambiri anabwezedwa kwawo ngati onamizira. Mmodzi mwa amene anasintha zinthu ndi Mayi Dorothy Gronwall a ku New Zealand, katswiri wofufuza mmene kuvulala kwa ubongo kumasinthira kuganiza, kukumbukira ndi khalidwe la munthu.

Mayi Gronwall anagwira ntchito mumzinda wa Auckland pamodzi ndi Philip Wrightson, dokotala wa opaleshoni ya ubongo. Odwala awo ambiri anali achinyamata ovulala pamsewu, pantchito ndi pamasewera. Vuto lawo madokotala amalitcha concussion, ndiko kugwedezeka kwa ubongo. Ubongo ndi wofewa, ndipo umakhala m'madzi m'kati mwa chigaza. Mutu ukagundidwa kapena ukagwedezeka mwadzidzidzi, ubongo umasuntha, timitsempha take tating'ono timakokeka, ndipo kwa kanthawi sitigwira bwino ntchito. Izi zimachitika ngakhale munthu asanakomoke n'komwe. Chithunzi cha X-ray chimaonetsa fupa lathunthu, khungu lilibe bala, munthu akuyenda ndi kulankhula. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Funso la Mayi Gronwall linali lakuti: nyererezo tingaziwerenge bwanji?

Yankho lawo linali mayeso otchedwa PASAT, amene anawakonza kuchokera pa ntchito ya Hubert Sampson, amene analemba naye buku m'chaka cha 1974. Wodwala amamvetsera tepi imene imatchula manambala, imodzi imodzi, kuyambira 1 mpaka 9. Ntchito yake ndi kuphatikiza nambala imene wangomva ndi imene inatchulidwa isanadze imeneyo. Tepi ikati 3, kenaka 5, iye ayankhe 8. Ikati 2, ayankhe 7, pakuti aphatikize 5 ndi 2, osati yankho lake lija. Ikati 9, ayankhe 11. Manambala amakhala 61, mayankho 60, ndipo tepi imaseweredwa pa liwiro losiyanasiyana: poyamba nambala iliyonse imadza pakapita masekondi 2.4, kenaka 2.0, kenaka 1.6, potsiriza 1.2. Masamu ake ndi a mwana wa Giredi 2. Chimene chimayesedwa ndi liwiro limene ubongo umalandirira chinthu, kuchisunga, kutaya chakale ndi kulandira china. Tayesani madzulo ano ndi mnzanu, mudzaona kuti ngakhale mutu wabwinobwino umatuluka thukuta.

Zimene anapeza anazisindikiza m'magazini ya madokotala ya The Lancet m'chaka cha 1974. Munthu amene ubongo wake wagwedezeka nzeru zake zimakhalapo ndithu, koma zimayenda pang'onopang'ono. Apa mpamene panaonekera gwero la madandaulo aja. Ubongo wochedwa umagwira ntchito yowirikiza kuti utsatire zimene kale unkachita mosavutika, choncho munthu amatopa msanga, mutu umamupweteka, ndipo anthu awiri akamalankhula nthawi imodzi iye amasokonezeka n'kukwiya. Nkhani yabwino inali yakuti ambiri liwiro lawo linkabwerera m'malo masabata asanu asanathe. Ochepa ankatenga nthawi yotalikirapo.

M'chaka cha 1975 awiriwa anasindikiza kafukufuku wina m'magazini yomweyo. Anayesa achinyamata 20 amene anagwedezeka ubongo kachiwiri, n'kuwayerekeza ndi amene anavulala kamodzi kokha. Ovulala kachiwiri anachedwa kwambiri pa mayeso, ndipo anatenga nthawi yaitali kuti achire. Apa zinadziwika kuti mabala a ubongo amaunjikana. Chenjezo lawo linapita makamaka kwa amasewera, ndipo lero malamulo a masewera ambiri amalamula kuti wogundidwa mutu atuluke m'bwalo.

M'chaka cha 1980 gulu lawo linatenga ophunzira a pa yunivesite amene anavulala kale ndipo ankaoneka kuti anachira, n'kuwayesa m'chipinda chochepetsedwa mpweya, chonga pamwamba pa phiri la mamita 3,800, lalitali kuposa phiri lililonse la m'dziko lathu lino. Mpweya utachepa, iwo anatsalira m'mbuyo poyerekeza ndi anzawo amene sanavulalepo. Ndiye kuti ubongo wooneka wochira ungathe kufooka pamene thupi lapanikizika. M'chaka cha 1995 anaonetsanso kuti ana aang'ono ovulala m'mutu asanayambe sukulu ena amadzaonetsa vuto patapita miyezi, ngakhale kuti poyamba ankaoneka bwino.

Mayi Gronwall sanathere pa kuyesa. Ku Auckland iwo ndi a Wrightson anayendetsa kiliniki ya anthu ogwedezeka ubongo, kumene wodwala ndi abale ake ankafotokozeredwa chimene chachitika, nalangizidwa kubwerera ku ntchito pang'onopang'ono. Analembanso mabuku, lina la mabanja a odwala, lina la madokotala. Anamwalira m'chaka cha 2001, koma mayeso awo anafalikira m'mayiko ambiri, ndipo agwiritsidwanso ntchito pa matenda ena a ubongo.

Ife alimi ngozi zotere tili nazo pakhomo: ngolo yogubuduka, ng'ombe yolusa, denga la nkhokwe, mtengo wa mango, njinga yamoto yonyamula matumba. Munthu akagunda mutu, asasiyidwe yekha tsiku loyamba ndi usiku wake. Akamasanza mobwerezabwereza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamavuta kudzutsa, akagwa khunyu, akafooka mbali imodzi, akamalankhula zosokonekera, kapena m'khutu ndi m'mphuno mukamatuluka magazi kapena madzi, tithamange naye ku chipatala nthawi yomweyo, pakuti mwina magazi akukha m'kati mwa chigaza. Ngakhale zizindikirozi palibe, wokomoka aliyense akaonedwe ku kiliniki.

Akabwerera kunyumba apume tsiku limodzi kapena awiri, asamwe mowa, kenaka ayambe ntchito zopepuka monga kudyetsa nkhuku kapena kusankha mbewu pamthunzi, akumapuma mutu ukayamba kupweteka. Asakwere padenga, asayendetse njinga yamoto, asamange ng'ombe m'goli mpaka zizindikiro zitatha, chifukwa kugundanso kachiwiri n'koopsa kuposa koyamba. Tisamupatsenso ntchito yoyeza mankhwala opopera mbewu kapena a dibi, kapena yowerenga ndalama za gulu. Ntchito zimenezi n'zofanana ndi mayeso aja a manambala, ndipo kulakwitsa muyeso kungatenthe munda kapena kupha ziweto. Pa njinga yamoto, woyendetsa ndi wokwera onse avale chisoti chotetezera mutu.

Nyengo yolima siidikira munthu, ndipo tikudziwa kuti banja likasowa dzanja limodzi pa nthawi yopalira, nkhokwe imachepa. N'chifukwa chake wovulala amadzikakamiza, ndipo ifenso timamukakamiza. Mnzathu akatiuza kuti mutu sunakhazikike, timukhulupirire, ndipo mizere yake tipalire ndife kwa masabata ochepawo, monga momwe tikanachitira akanathyoka mkono.