Njira za oyenda pansi mumzinda wa Durban: Kodi malo opumirako ndi a yani?

Kukangocha, chikhamu cha anthu chimatsika m'mabasi, m'maminibasi ndi m'sitima pa Warwick Junction, khomo lolowera pakati pa mzinda wa Durban m'dziko la South Africa. Anthu pafupifupi 460,000 amadutsa pamalopa tsiku lililonse, ndipo pakati pawo pali Amalawi omwe adapita kukasaka ganyu. Kuchoka pamenepa kukafika kugombe la nyanja ya mchere ndi ulendo wapansi wosakwana ola limodzi, komatu woyendayo amalimbana ndi galimoto zothamanga, dzuwa ndi misewu yosowa mthunzi.

Funso lakuti malo opumirako ndi a yani si lachilendo kumeneko. Lamulo latsankho la m'chaka cha 1953 lidalola kuti mapaki ndi magombe azigawidwa potengera khungu la munthu, kotero magombe abwino a Durban adali a azungu okha. Boma la F.W. de Klerk lidatsegula magombewo kwa anthu onse mu Novembala 1989, ndipo lamulolo lidathetsedwa m'chaka cha 1990. Koma kuchotsa chikwangwani ndi kwina, kulambula njira yoti wosauka afikire kugombeko ndi kwinanso.

Maganizo olumikiza malo achilengedwe a mzindawu adayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo ndiwo adabala ndondomeko yotchedwa D'MOSS. Cholinga chake n'chakuti nkhalango, madambo, mitsinje ndi magombe zisakhale ngati zilumba zotalikirana, koma zilumikizane kuti madzi, mbalame ndi nyama zizikhala ndi podutsa. Katswiri wa zachilengedwe, Mayi Debra Roberts, adatsogolera ntchitoyi kwa zaka zambiri kukhonsolo ya eThekwini. Kuyambira m'chaka cha 2010, wofuna kumanga pamalo a D'MOSS amayenera kupeza kaye chilolezo chokhudza chilengedwe.

Kugombe, chipatso cha kulinganiza bwino chimaoneka ndi maso. Khwalala la oyenda pansi ndi apanjinga lidakonzedwanso pokonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010. Mu Novembala 2019 adaliwonjezera ndi mamita 750 kuchokera pa uShaka Marine World kufika pakhomo la doko, kotero lidatalika makilomita pafupifupi 8 kuyambira ku Blue Lagoon. Kumeneko, pamene mtsinje wa uMngeni umathira m'nyanja, bungwe la Green Corridors lidakhazikitsa tinjira ta oyenda pansi ndi njinga totsata mtsinjewo, ndipo achinyamata a m'madera monga Inanda adapeza ntchito yoperekeza alendo.

Vuto lagona pakati pa mzinda penipeni. Munda wa zomera wa Durban Botanic Gardens, womwe udakhazikitsidwa m'chaka cha 1849, uli kufupi ndi Warwick, ndipo Albert Park ili chakudoko, koma misewu ikuluikulu ndi njanji zimadula malowa pakati. Mayi wonyamula mwana kumsana sawerenga kutalika kwa njira kokha ayi. Amayang'ana ngati pali powolokera, magetsi a usiku, chimbudzi ndi chitetezo. Pulani yokonzanso pakati pa mzindawu, yomwe khonsolo idatulutsa m'chaka cha 2016, idaika kuyenda pansi pakati pa nsanamira zake.

A ku Warwick adaphunzitsa dziko kuti mutu umodzi susenza denga. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, akuluakulu a khonsolo adakhala pansi ndi ochita malonda, ndipo milatho ya msewu womwe sudamalizidwe idasanduka msika wa mankhwala azitsamba komanso njira ya oyenda pansi. Koma m'chaka cha 2009 khonsolo idafuna kumanga sitolo zikuluzikulu pamalo a msika wa Early Morning Market popanda kumva bwino maganizo a eni malonda. Iwo adakana, nkhani idafika kukhoti, ndipo ganizolo lidalephereka. Bungwe la Asiye eTafuleni, lomwe Bambo Richard Dobson ndi Bambo Patrick Ndlovu adayambitsa m'chaka cha 2008, lidaima nawo pankhondoyi.

Malo osamangidwa amapulumutsanso miyoyo, chifukwa dambo limamwa madzi omwe simenti imangowakankhira kwa okhala kumunsi. Madzi osefukira a mu Epulo 2022 adapha anthu oposa 400 m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Kwathu kuno, namondwe wa Freddy adaonetsa zomwezo mu Malichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri la Soche adakokolola nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre.

Tsono makhonsolo athu akamagawa malo m'mbali mwa mitsinje ya Mudi, Lingadzi ndi Lilongwe, ayambe afunsa amene amayenda pansi tsiku ndi tsiku: ana asukulu, amayi a kumsika, akabaza ndi anthu olumala. Malo a m'mbali mwa mtsinje akangogulitsidwa n'kumangidwa mpanda, kuwabweza kumafuna ndalama zomwe makhonsolo athu alibe.