MATOPE A GALU NDI MWANA WOKWAWA

Amayi, dzinja likafika, kuyambira mwezi wa Novembala kufikira Epulo, pabwalo pamadzala matope. Galu naye sakonda kuvumbwa. Mvula ikangoyamba amathamangira pakhonde, ndipo akapeza chitseko chili chotsekula amalowa m'nyumba, nasiya matope paliponse pamene waponda. Ambiri a inu mumadandaula ndi ntchito yokolopa kapena yoziranso pansi. Koma choopsa chenicheni chili pa mwana wanu amene amakwawa pomwepo, manja ake osachoka kukamwa.

Agalu ambiri ali ndi njoka za m'mimba, makamaka tiana ta agalu, chifukwa timatenga njokazi kwa make tisanabadwe. Mazira a njokazi amatuluka pamodzi ndi chimbudzi cha galu, ndipo ndi aang'ono kwambiri, osaoneka ndi maso. Pongotuluka kumene sapatsa matenda. Amayamba akhwima m'dothi lachinyezi kwa masabata awiri kapena anayi, kenaka amatha kukhala amoyo miyezi yambiri. Mvula imasungunula chimbudzi chija nichisakaniza ndi dothi, kotero kuti pabwalo pooneka poyera pangathe kukhala mazira ochuluka. Awa ndi amene galu amabwera nawo kumapazi.

Mwana akameza mazirawa, timphutsi take sitikhala m'matumbo. Timaboola matumbo ndi kuyenda ndi magazi kupita kuchiwindi ndi kumapapo, mwana nayamba kutentha thupi ndi kutsokomola. Nthawi zina kamphutsi kamafika m'diso, ndipo disolo lingathe kuwonongeka. Palinso mtundu wina wa timphutsi umene umalowera pakhungu la mapazi kapena matako, nkusiya kamzere kokhotakhota koyabwa kwambiri. Mukaona kamzere kotere musakatemere mphini, pitani naye mwana kuchipatala, mankhwala ake alipo.

Sitikunena kuti muthamangitse galu. Iye ndi mlonda wa pakhomo, ndipo amalowa m'nyumba chifukwa alibe pobisala. Pemphani abambo amumangire kakhola kofolera bwino, kotalikirako ndi khitchini, muikemo chiguduli chouma. Galu wokhala ndi malo akeake savuta kumuzoloweza kuti malire ake ndi pakhomo. Ena amati nkwabwino kumupukuta mapazi asanalowe. Zimenezi zimathandizako pang'ono, koma matope amabisala pakati pa zala, ndipo ndani angamapukute galu kakhumi pa tsiku ali ndi mwana kumsana? Kutseka chitseko nkwapafupi.

Ntchito yaikulu ili pabwalo. M'mawa uliwonse wolani chimbudzi cha galu ndi khasu mukachitaye m'chimbudzi chokumba, kapena muchikwirire kutali ndi chitsime ndi posewerera ana. Mukatero mwachotsa mazira asanakhwime.

Galu akalowa ndithu, munyamuleni mwana musanayambe kukonza. Pansi pa simenti, palani matope, kenaka kolopani ndi madzi otentha a sopo. Musadalire mankhwala onunkhira a m'botolo, chifukwa mazirawa ali ndi chikamba cholimba ndipo safa nawo, chofunika nkuwachotsa. Chiguduli chokolopera chichapidwe ndi kuyanikidwa padzuwa, madzi ake atayidwe m'chimbudzi. Pansi pozira, palani ndi khasu malo oponderezedwawo, mutaye dothilo, muzirenso ndi dothi lokumba pansi ndithu, osati lotapa pabwalo. Mwana azikhala pamphasa yoyera, ndipo dzuwa likawala muziyanika mphasayo. Musambeni m'manja ndi sopo, inu ndi mwana yemwe, musanadye.

Funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za mankhwala a njoka a galu, ndipo musaphonye katemera wa chiwewe chaka ndi chaka. Mwana akakwanitsa chaka chimodzi amayamba kulandira mankhwala a njoka za m'mimba. Pobwera kusikelo mwezi wamawa, tengani kabuku kake ndipo mufunse azaumoyo tsiku limene adzalandire.