Magazi angaulule chiyani za matenda a mtima?

Vuto lake

Mtima uli ndi mitsempha yakeyake youdyetsa magazi. Mafuta akamaunjikana m'mitsemphamo njira imachepa, ndipo tsiku lina imatsekekeratu. Pamtima pamakhala ngati pasanjikidwa mwala, thukuta lili kamukamu, ululu n'kumatsikira kumkono wamanzere.

Mapuloteni amene madokotala amayeza

Troponin amachuluka m'magazi mnofu wa mtima ukavulala kale. CRP amakwera m'thupi mukakhala kutupa kulikonse, ndiye apa mpofunika kusamala: kwa mlimi wa mpunga ku Wovwe, kumene udzudzu susowa m'minda yothirira, malungo okha amatha kumukweza mtima uli bwinobwino. Lipoprotein(a) ndi wosiyana. Kuchuluka kwake munthu amabadwa nako, zakudya sizikusintha kwenikweni, ndipo mwa anthu akuda amakhala wokwererapo kusiyana ndi mwa azungu.

Zakumtundu zimatetezanso

Mu 2006, Helen Hobbs ndi Jonathan Cohen a ku Dallas anafalitsa zotsatira zodabwitsa. Anthu akuda ena a ku America amabadwa ndi puloteni ya PCSK9 yosagwira bwino ntchito. Mafuta oipa m'magazi mwawo anali otsika ndi 28 peresenti, ndipo chiopsezo cha nthenda ya mtima chinali chotsika ndi 88 peresenti. Lero kuli jekeseni woletsa puloteniyo kugwira ntchito, ngakhale mtengo wake si wa munthu wamba.

Chodandaulitsa n'chakuti njira zowerengera chiopsezo kuchokera ku DNA zinapangidwa makamaka pa azungu, monga anthu 500,000 a mu UK Biobank. Zikagwiritsidwa ntchito pa ife, zimaphonya kawirikawiri.

Zimene tikudziwa za kwathu

Kufupi ndi Wovwe, ku Chilumba, kuli likulu la kafukufuku amene anayamba mu 1979 polimbana ndi khate, lero bungwe la MEIRU. Kuyambira 2013 mpaka 2016 anayeza akuluakulu pafupifupi 29,000 kum'mwera kwa Karonga ndi ku Area 25 ku Lilongwe. Kumudzi, munthu mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse, kapena kuchepera pang'ono, anapezeka ndi BP yokwera, ambiri osadziwa.

Nanga titani?

Kuyeza DNA sikunafike pachipatala chakumudzi, koma makina a BP alipo. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wanu anadwala mtima asanakalambe, muuzeni dokotala. Chepetsani mchere, siyani fodya, kayezetseni BP ndi shuga.