Matenda Obisala mu Mphira

Mnyamata amene wangomaliza Folomu 4 akapeza ntchito pamalo okonzera matayala ku Makata kapena ku Limbe, abale ake amati mwayi wamugwera, ndipo sanama. Komabe mphira ili ndi mbiri yake imene mnyamatayo ayenera kuimva asanavale ovolosi.

M'chaka cha 1954 dokotala wa ku Britain, Robert Case, anaonetsa kuti anthu a m'mafakitale a mphira ankamwalira ndi khansa ya m'chikhodzodzo kuposa anthu ena. Gwero lake linali mankhwala olimbitsa mphira, omwe munali poizoni wotchedwa beta-naphthylamine. Mankhwalawo anawasiya mu 1949, koma anthu anapitirizabe kudwala, pakuti khansa imeneyi imatha kubisala zaka 20 kapena kuposa. Mu 1987 bungwe lofufuza za khansa la IARC, la ku Lyon m'dziko la France, linaika ntchito yopanga zinthu za mphira m'gulu la ntchito zoyambitsa khansa.

Kuno ku Blantyre ntchito yochuluka ndi yomata ndi kuvekanso matayala akale. Siifanana kwenikweni ndi ya m'mafakitale aja, koma fumbi la tayala lopalidwa, utsi wa mphira yotenthedwa ndi fungo la guluu zonse zimalowa m'chifuwa. Ena poweruka amasamba m'manja ndi petulo, osadziwa kuti muli benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Lamulo la chitetezo cha anthu apantchito la 1997 limalamula olemba ntchito kupereka zovala zodzitetezera. Ndi anyamata angati amene amalimba mtima kuzipempha?

Chovuta kwambiri n'chakuti chizindikiro choyamba cha khansa ya m'chikhodzodzo ndicho kukodza magazi, nthawi zambiri popanda ululu. Munthu wokulira ku Mangochi kapena ku Chikwawa akaona magazi amangoti ndi likodzo lija la paubwana, n'kukagula mapiritsi. Pamenepo miyezi imapita. Ndiponso likodzolo likakhalitsa nalonso limabala khansa ya m'chikhodzodzo, kotero kuti munthu mmodzi angasenze ngozi ziwiri.

Bambo wa ku Ndirande amene anasiya za matayala kalekale, akapita ku Gulupu ndi vuto lotere, asangotchula kumene akumva kupweteka. Awauze adokotala ntchito imene ankagwira, zaka zimene anaigwira, ndi mankhwala amene ankagwira ndi manja.